Nkhondo ya pa tebulo ndi amene amailembera malamulo

Kulikonse kumene anyamata asema mfuti za nsungwi kapena za mapesi n'kuyamba kubisalirana kuseri kwa nkhokwe, masewerawo amathera pa mkangano umodzimodzi. Wina akuti, "Ndakuwombera, wafa iwe!" Mnzake akuti, "Wandiphonya, ndinali nditabisala kale." Woweruza palibe, choncho amapambana ndi wa mawu okweza kapena wa zibakera zazikulu. Sabata ino ndikufuna tione mmene akuluakulu a ndevu zawo, makamaka ku Britain ndi ku America, akhala akuthetsera mkangano womwewu. Iwowa amasewera nkhondo pa tebulo ndi tizidole ta asilikali, ndipo alemba mabuku ambirimbiri a malamulo ongofuna kuyankha funso la ana lija: wafa kapena sanafe?

Tizidoleti n'tachitsulo kapena tapulasitiki, tambiri totalika mamilimita 28, kuchepera chala chachikulu. Mwini wake amatipaka yekha penti ndi kaburashi, mpaka nsidze ndi mabatani a malaya. Pa tebulo amaikapo tinyumba, timitengo, timipanda ndi timapiri. Kenako pamafunika tepi yoyezera, madayisi onga a ludo, ndi buku la malamulo. Masewera ena ndi a magulu akuluakulu ankhondo, pomwe kachidole kamodzi kamaimira anthu 20 kapena 50. Amene ndikunena ine ndi a kankhondo kakang'ono, ka kagulu kolondera kakakumanizana ndi adani pa mlatho. Apa kachidole kamodzi ndi munthu mmodzi, kawirikawiri wosewera amakhala ndi asilikali osapitirira 10 kapena 20, ndipo ena amawapatsa ndi mayina omwe.

Chiyambi chake sichinali chibwana ayi. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu a asilikali masewera otchedwa Kriegsspiel omwe anawakonza kuchokera pa zomwe bambo ake anayamba. Ankasewera pa mapu, ndi tizidutswa toimira magulu, madayisi komanso woweruza amene yekha ankadziwa pomwe pali magulu onse. Anali maphunziro a atsogoleri ankhondo. Prussia itagonjetsa France mu nkhondo ya 1870 mpaka 1871, mayiko ena anayamba kutengera. Amene anawatulutsa m'kampu ya asilikali n'kuwalowetsa m'nyumba za anthu wamba ndi mlembi wotchuka H. G. Wells, ndi buku lake la 1913 lotchedwa Little Wars. Kwa Wells nkhani ya kuphonya inali yosavuta: ankagwiritsa ntchito kamzinga kachidole kokhala ndi sipuling'i, kotulutsa kamtengo. Chidole chikagwa, chafa. Msilikali wa pansi ankayenda phazi limodzi, wa pa hatchi mapazi awiri. Wells ankadana ndi nkhondo ndipo ankati amene wasewera yaing'onoyi adzaona kupusa kwa yaikulu. Patangotha chaka, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka.

Masiku ano palibenso amene amalola kuti chidole chimene wachipenta usiku wonse chigendedwe. Kamzinga kanalowedwa m'malo ndi dayisi. Msilikali aliyense ali ndi manambala ake: amayenda mainchesi angati, mfuti yake imafika pati, ndipo dayisi igwe pa nambala yanji kuti akhale kuti walasa. Mdani akakhala kuseri kwa mpanda, nambala yofunika imakwera. Ambiri amawerama n'kuika diso pa mutu wa kachidole kuti aone ngati "kakumuona" mdaniyo. Mukawapeza abambo awiri a zaka 50 atasuzumira pa tebulo, diso limodzi atatsinzina, musadabwe.

Koma pamene olemba malamulo amasiyanirana nzeru kwenikweni si pa kuwombera. Ndi pa funso loti ndani asewere tsopano. Pa bawo timasinthana, iwe utakate ine nditakate, ndipo palibe vuto chifukwa mikomo siwombera. Pa nkhondo ya pa tebulo, mukalola munthu mmodzi kusuntha ndi kuwombera ndi asilikali ake onse mnzake atangopinda manja, woyambayo akhoza kumaliza theka la gulu la mnzake lisanaphethire n'komwe. Malamulo a Bolt Action, omwe anatuluka mu 2012 ndipo ndi a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anathetsa izi ndi kathumba. Gulu lililonse lili ndi dayisi yake, za mbali zonse ziwiri amaziponya m'kathumba kamodzi, ndiye wina amapisamo dzanja osaona. Mtundu umene watuluka, mwini wake ndiye asunthe gulu limodzi. Ukhoza kutuluka katatu motsatizana, ukhozanso kudikira mtima uli phaphapha uku gulu lako lili pambalambanda.

Njira imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya Andrea Sfiligoi wa ku Italy, mu malamulo ake a 2007 otchedwa Song of Blades and Heroes. Ukafuna kuti msilikali achite kanthu, umasankha wekha kuponya dayisi imodzi, ziwiri kapena zitatu. Dayisi iliyonse imene yafika pa nambala ya msilikaliyo imamupatsa chochita chimodzi: kuthamanga, kukantha, kuponya muvi. Koma zikalephera ziwiri, mpata wako wonse watha, asewere mnzako, ngakhale asilikali ako ena onse asanasunthe. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tenga msilikali wofuna 4 kapena kuposa, amene dayisi imamukomera theka la nthawi. Ukaponya imodzi, mpata sungakuthawe, koma munthu wako angoyenda sitepe imodzi. Ukaponya ziwiri, kamodzi pa maulendo 4 zonse zikana. Ukaponya zitatu, ndi theka ndi theka. Msilikali waluso wofuna 3 yekha, pa madayisi atatu, amataya mpata ka 7 pa maulendo 27. Choncho wosewera wanzeru amayamba ndi akatswiri ake, ofooka n'kuwasiyira kumapeto, ndipo amadziwa nthawi yoti dyera limupindulira ndi yoti limugwetsa. Ndanena kale m'danga lino kuti ana athu a Fomu 4 amaopa masamu a mwayi chifukwa timawaphunzitsa ndi mipira yofiira ndi yobiriwira ya m'thumba la m'buku, imene palibe amene amasamala kuti ituluke iti. Mupatseni mwana zitsekerero za mabotolo zisanu, mumuuze kuti ndi anyamata ake, muone ngati 7 pa 27 aiwale.

Lamulo lina lofunika ndi la mtima. Olemba abwino anazindikira kuti anthu enieni samenya mpaka kutha psiti. Mtsogoleri akagwa kapena theka la gulu likatha, otsala amaponyeredwa dayisi, ndipo akalephera amaliyatsa liwiro. Ngakhale chidole chimaloledwa kuchita mantha. Ndipo kuchokera m'malamulo a munthu mmodzimmodzi otere, a m'buku la Chainmail la 1971, ndi momwe munabadwira masewera a Dungeons & Dragons mu 1974. Kampani ya Games Workshop, imene inayamba ku London mu 1975 ndipo tsopano ili ku Nottingham, inalemera ndi tizidole ta Warhammer mpaka mu 2024 inalowa m'gulu la makampani 100 akuluakulu a pa msika wa masheya ku London. Chibwana chimenechi chili ndi ndalama zake.

Tsono mwina mukuti, aphunzitsi, za azungu ndi zidole zawo zikutikhudza pati ife? Zikutikhudza chifukwa pa matebulo ena asilikaliwo ndi ife. Pali gawo lonse la masewerawa lonena za nkhondo za atsamunda. Ku Britain amaumba ndi kugulitsa tizidole ta Azulu, ta Amasai, ta ogula akapolo a ku Zanzibar, ngakhalenso ta Angoni, zishango ndi nthenga zili mbwee. Malamulo akale otchuka a gawoli ndi The Sword and the Flame a Larry Brom, a 1979, momwe amavundukula makhadi a njuga: lofiira asuntha Angelezi, lakuda asuntha eni dziko. Atsopano ndi The Men Who Would Be Kings a Daniel Mersey, a 2016. M'menemo asilikali a pansi amagawidwa patatu: ophunzitsidwa usilikali, osaphunzitsidwa mokwanira, ndi "a mafuko". Gulu la ophunzitsidwa limakhala ndi zidole 12, la mafuko 16, ndipo a mafukowo ntchito yawo yaikulu ndi kuthamangira mfuti kuti akafike pogwirana manja asanathe. Mulinso njira yoti munthu asewere yekha, kapena anzake onse akhale mbali ya atsamunda, eni dziko n'kumangoyendetsedwa ndi dayisi ngati nyengo.

Chilungamo chake, bukuli limawaseka kwambiri atsogoleri a atsamunda, moti dayisi ikhoza kukupatsa mkulu wa asilikali wamantha kapena chitsiru chenicheni. Osewera ambiri amawerenga mbiri mozama, ndipo onse amadziwa kuti pa 22 January 1879 Azulu anafafaniza Angelezi ku Isandlwana. Sindikunena kuti aliyense wopenta kachidole ka Mngoni ndi mtsamunda. Chimene ndikunena n'chakuti nambala imene wolemba wapatsa msilikali ndi maganizo ake a mmene mbiri inayendera, ndipo munthu akaponya dayisi pa nambala imeneyo ka 100 amayamba kuikhulupirira kuposa mmene angakhulupirire chiganizo cha m'buku. Mawu oti "a mafuko" amaika m'dengu limodzi ankhondo a Chizulu okhala ndi magulu a misinkhu ndi atsogoleri awo, alenje a njovu a mfuti za gogodela, ndi alimi ongoteteza mudzi wawo.

Tiyese malamulowa ndi nkhondo yathu ya ku Karonga, imene kukula kwake n'koyenera tebulo ndithu. Mu 1887 anthu a Mlozi anatsekereza azungu ochepa a kampani ya African Lakes mu linga lawo, ndipo amene anawapulumutsa ndi khamu la Anyakyusa lochokera kumpoto. Mu 1888 Frederick Lugard, msilikali wophunzitsidwa bwino, anatsogolera gulu kukathyola limodzi la malinga a anzake a Mlozi, koma anabwerako atalasidwa koopsa, linga lili chilili. Mlozi anakhala mpaka December 1895, pamene Harry Johnston anabwera ndi mizinga ndi asilikali a Chisikh, n'kugumula linga ndi kumupachika. Zaka zisanu ndi zitatu zimenezi zikusonyeza kuti chimene chinkagamula nkhondo ndi khoma la dothi ndi mitengo, kusowa kwa mzinga woligumula, malungo, ndi funso loti mafumu a m'deralo aima ndi yani. Wofuna kulemba malamulo oona a Karonga ayenera kupatsa khomalo nambala yaikulu kuposa ya Lugard, ndipo ayenera kukhala ndi wosewera wachitatu ndi wachinayi, chifukwa Ankhonde, Ahenga ndi Anyakyusa aliyense anali ndi zofuna zake.

Chovuta koposa ndi ichi. Pa tebulo pamakhala okhawo onyamula zida. Koma nkhondo ya ku Karonga inayamba ndi Ankhonde amene anathawira m'mabango a ku Kambwe mu 1887, mabangowo n'kuyatsidwa moto iwo ali momwemo. Wolemba akawaika pa tebulo, ayenera kunena kuti wosewera amapeza kapena kutaya mapointi angati pa iwo, ndipo madzulo a chisangalalo athera pomwepo. Akawasiya, tebulo likhala laudongo, malinga awiri ndi bwalo pakati, ndipo wosewera wa ku Nottingham adzapita kwawo akuganiza kuti nkhondoyo inali ya Mlozi ndi Lugard.