Mipando yasintha ku Lilongwe ndi ku Maputo, nanga nkhondo ya ku Cabo Delgado?

Pa 4 Okutobala 2025, anthu ankadutsa pa Ginnery Corner kulowera ku Kamuzu Stadium kukaona Peter Mutharika akulumbira kukhalanso mtsogoleri wa dziko lino. Nkhani zomwe zidali pakamwa pawo ndi zomwe zidamveka nyengo yonse ya kampeni: mafuta a galimoto, mtengo wa chimanga ndi feteleza, kusowa kwa ndalama zakunja. Za uchigawenga sizidamveke, ndipo palibe angawadzudzule. Munthu amene wachezera pa mzere wa petulo alibe mpata woganiza za Mocímboa da Praia, doko la ku Cabo Delgado. Komatu chaka chomwecho, pa 15 Januwale, dziko la Mozambique, lomwe latizinga kum'mawa, kummwera ndi kumadzulo, nalo lidalumbiritsa mtsogoleri watsopano, Daniel Chapo. Iye adalandira mpando pamodzi ndi nkhondo ya ku Cabo Delgado yomwe idayamba pa 5 Okutobala 2017, yomwe yapha anthu masauzande ndi kusamutsa oposa miliyoni imodzi. Petulo amene timam'dikirira pa mzere uja, wina amadutsa m'dziko lomwelo. Ndiye kodi kusintha kwa atsogoleri awiriwa kwatiyandikizitsa kapena kwatitalikitsa ku ngoziyi?

Pali ena amene amati zonse zimayambira kwa mtsogoleri, ndipo umboni wawo waukulu udachitikira mu Blantyre mommuno. Pa 11 Sepitembala 1986, Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adabwera mumzinda uno kudzamuuza Kamuzu Banda pamaso kuti Malawi ikusunga zigawenga za Renamo. Lero Renamo ndi chipani chokhala m'nyumba ya malamulo, koma masiku amenewo idali gulu lotentha midzi ndi kuphwanya njanji. Boma la Kamuzu lidakana mlanduwo. Machel atabwerera kwawo adaopseza kuti atseka malire ndi kutchera mizinga yoloza kuno. Pa 19 Okutobala adafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo mpando udapita kwa Joaquim Chissano, munthu wozolowera kukambirana chifukwa adali nduna yoona za maubale ndi maiko akunja. Chaka chisanathe maiko awiriwa adasainirana mgwirizano wa zachitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi adali akulondera njanji ya ku Nacala, akuwomberana ndi Renamo yomwe ija. Miyezi yochepa chabe, oopsezana aja adasanduka olondera njanji imodzi.

Koma tiyeni tiione bwino nkhaniyi. Kamuzu sadachoke pa mpando, chomwe chidam'fewetsa ndi thumba. Pofika mu 1984 njanji za ku Beira ndi ku Nacala zidali zitafa, katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban pa mtengo woboola m'thumba. Ndipo nkhondo sidathe chifukwa Chissano walowa. Idapitirira mpaka mgwirizano wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992, Malawi itasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi ku Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Chomwe chidathyola msana wa nkhondoyo ndi kusintha kwa ku Pretoria: F.W. de Klerk atalowa mu 1989, boma la tsankho lomwe linkapatsa Renamo zida lidayamba kutha. Chimodzimodzi a Payoniya athu. Mphamvu zawo zidali za chipani chimodzi, ndipo riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itagwedeza chipanicho, asilikali adawalanda zida mu Disembala pa Operation Bwezani, ambiri n'kuthawira ku Mozambique. Sadabwerenso ngati gulu lankhondo, chifukwa amene ankawadyetsa adali atachoka.

Apa ndi pomwe ine ndikuonapo kusiyana komwe ambiri amakudumpha. Gulu lomwe limadalira boma linalake limafooka boma limenelo likasintha. Gulu la ku Cabo Delgado silili choncho. Eni dera amalitcha Al-Shabaab, ngakhale silili lija la ku Somalia, ndipo lidalumbira kumvera Islamic State. Palibe likulu la dziko lomwe mungalozeko kuti mtsogoleri wa kumeneko akagwa, mfuti zisiya kubwera. Anyamata ake ambiri ndi a komweko, ana a asodzi ndi ogulitsa malonda ang'onoang'ono, amene adaona gasi wa madola mabiliyoni ambiri akupezeka ku Palma ndi miyala ya rubi ikukumbidwa ku Montepuez, iwo akuthamangitsidwa m'migodi ndi apolisi. Zida zambiri adazilanda kwa asilikali a boma. Mkwiyo woterewu suwerenga zotsatira za chisankho.

Izi sizikutanthauza kuti mtsogoleri alibe nazo kanthu. Filipe Nyusi, mtsogoleri wa Mozambique Chapo asanalowe, mwana wa ku Mueda m'chigawo chomwecho cha Cabo Delgado, adataya zaka zoyambirira boma lake likuwatcha anthuwa achifwamba wamba. Kenako adaitana asilikali aganyu a Wagner a ku Russia mu 2019, omwe sadakhalitse, n'kubweretsanso kampani ya Dyck Advisory Group ya ku South Africa. Doko la Mocímboa da Praia lidagwa mu Ogasiti 2020. Mu Malichi 2021 zigawenga zidalowa m'tauni ya Palma, kampani ya Total n'kuimitsa ntchito yake ya madola 20 biliyoni. Apo m'pomwe Nyusi adavomera thandizo. Asilikali a Rwanda adafika mu Julaye 2021, a SADC n'kutsatira, ndipo patangotha mwezi umodzi Mocímboa da Praia idabwerera m'manja mwa boma. Ganizo la munthu mmodzi lidachedwetsa thandizo zaka zoposa zitatu, ganizo la munthu yemweyo n'kusintha nkhondo m'masabata ochepa. Nafenso tidali m'nkhaniyi: Lazarus Chakwera adali wapampando wa SADC kuyambira Ogasiti 2021, ndipo msonkhano womwe udawonjezera nthawi ya asilikali a SADC mu Januwale 2022 udachitikira ku Lilongwe.

Nanga Chapo wasinthapo chiyani? Asilikali a SADC adachoka mu Julaye 2024 iye asanalowe. Mkulu wankhondo wa zigawengazi, Bonomade Machude Omar, adaphedwa mu Ogasiti 2023, koma gulu silidafe naye. Mu Epulo 2025, Chapo atangotha miyezi itatu, zigawenga zidaukira malo a alenje ndi a oteteza nyama m'nkhalango ya Niassa, chigawo chomwe chagundana ndi Mangochi ndi Machinga. Sikadali koyamba, chifukwa kumapeto kwa 2021 zidafikanso m'boma la Mecula. Pakati pa chaka cha 2025 anthu masauzande ambiri adathawa ku Chiúre ku Cabo Delgado. Chapo adapita ku Kigali kukalimbitsa mgwirizano ndi Rwanda, kutanthauza kuti watsata njira ya Nyusi. Chipani ndi chomwecho cha Frelimo, chomwe chalamulira kuyambira 1975. Nkhope yasintha, koma kwa mnyamata wa ku Macomia ku Cabo Delgado boma lidakali lomwe lija.

Ena angati vuto ndi loti kusinthako kudali kochepa, pakufunika munthu wa dzanja lachitsulo. Awa ayang'ane ku Sahel. Ku Mali, Burkina Faso ndi Niger asilikali adalanda boma pakati pa 2020 ndi 2023, onse akulonjeza kuthana ndi zigawenga. Adathamangitsa asilikali a France, ena n'kuitana a Russia. Zigawenga zidangokulirakulira, moti kumapeto kwa 2025 gulu la JNIM linkatentha matankala a mafuta opita ku Bamako, likulu la dziko lopanda nyanja yaikulu ngati lathuli, mizere ya petulo n'kutseketsa ngakhale sukulu. Muhammadu Buhari naye adapambana ku Nigeria mu 2015 polonjeza kuthetsa Boko Haram, ndipo adachoka mu 2023 gululo ndi nthambi zake zikadalipo.

Mwa zonsezi, chomwe chimandidetsa nkhawa koposa si dzina la wolowa pa mpando, koma m'mene walowera. Chisankho cha ku Mozambique cha mu 2014 chitakanidwa ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama, mfuti zidayambiranso ku Tete, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2016 anthu pafupifupi 10,000 adali atadzaza pa Kapise ku Mwanza, boma n'kutsegulanso kampu ya Luwani. Madalaivala athu a malole ankayenda pa mdipiti moperekezedwa ndi asilikali. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitakanidwa ndi Venâncio Mondlane, yemwe adapikisana ndi Chapo, zionetsero zidatenga miyezi, anthu mazana adaphedwa, mabanja ambiri adawolokera ku Nsanje ndi Chikwawa, ndipo njira ya ku Beira idasokonekera ife tili kale pa vuto la mafuta. Pa tsiku la Khirisimasi akaidi oposa 1,500 adathawa m'ndende ya ku Maputo, ndipo mkulu wa apolisi panthawiyo, Bernardino Rafael, adati mwa othawawo mudali ena omangidwa pa milandu ya uchigawenga. Apolisi ndi asilikali akatanganidwa ndi kuthamangitsa anthu awo omwe m'misewu ya likulu, kumalire ndi kunkhalango kumatsala poyera. Akuluakulu amati moto umapita kumene kwatsala tchire.

Pa mfundo imeneyi Malawi ili ndi chonyadira chenicheni. Mu 2012 mkulu wa asilikali Henry Odillo adaima ndi malamulo Joyce Banda n'kulumbira. Mu 2020 makhothi adafafaniza chisankho, china n'kuchitika mwamtendere. Mu 2025 Chakwera adavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe zonse. Nthawi iliyonse mpando ukasintha popanda magazi, timatseka khomo lomwe anzathu lidawatsegukira. Kufikira lero dziko lino silinaukiridwepo ndi gulu la mtundu wa ku Cabo Delgado, ndipo sindikufuna kuopseza anthu pachabe: kuchokera ku Mecula kufika pa Chiponde ndi mtunda wautali zedi.

Komabe tili ndi chizolowezi chimodzi choipa. Mtsogoleri watsopano aliyense amabwera ndi mkulu wake wa apolisi, wa asilikali ndi wa akazitape. Joyce Banda adachotsa mkulu wa apolisi Peter Mukhito atangolowa. Mutharika adachotsa Odillo mu 2014, n'kudzachotsanso mkulu wina wa asilikali, Vincent Nundwe, mu Malichi 2020, Chakwera n'kum'bwezera pa udindo chaka chomwecho. Mtsogoleri ali ndi ufulu wosankha amene amam'khulupirira, ndipo nthawi zina wochotsedwayo amakhala woyenera kuchoka. Koma ntchito yoletsa uchigawenga imadalira kudziwana: wapolisi wa pa Muloza kudziwa nambala ya mnzake wa ku Milange, wa ku Nayuchi kudziwa amene amayenda pa njanji, bungwe la Financial Intelligence Authority kutsata ndalama zokayikitsa kwa zaka popanda kusokonezedwa. Kusesa kukatsika kuchoka kwa akuluakulu kufika kwa anthu amenewa, zomwe ankadziwa zimapita nawo. Ndipo malire athu ndi obooka kale. Mitembo ya anthu pafupifupi 30, omwe akuti adali a ku Ethiopia, yomwe idapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022, idaonetsa kuti pali njira zomwe anthu amadutsa dziko lonse boma osadziwa, kapena likudziwa koma litatseka maso. Luso tili nalo. Asilikali athu adamenyanapo ndi ADF ku Congo, gulu lomwe nalo lili pansi pa Islamic State, ndipo asanu ndi mmodzi adafera ku Beni mu Novembala 2018, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene bungwe la United Nations lidam'patsa mendulo chifukwa chofa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania.

Pali chinanso chomwe mtsogoleri angathe kuwononga usiku umodzi, ndipo chidachitikapo mumzinda uno. Mu Juni 2003, nthawi ya Bakili Muluzi, amuna asanu akunja okhala mu Blantyre, awiri a ku Turkey ndi ena a ku Kenya, Sudan ndi Saudi Arabia, adagwidwa powaganizira kuti amathandiza al-Qaeda. Inali nyengo ya mantha, America ikusakasaka adani ake pambuyo pa 11 Sepitembala 2001 ndi mabomba a ku Nairobi ndi Dar es Salaam a mu 1998. Khothi lalikulu lidaletsa kuwatulutsa m'dziko, koma adatulutsidwabe n'kuperekedwa m'manja mwa Amereka. Mkwiyo udabuka, ku Mangochi matchalitchi adaphwanyidwa, asilikali n'kutumizidwa kukakhazikitsa bata. Patapita masabata angapo amuna aja adamasulidwa ku Sudan popanda mlandu. Muluzi adali Msilamu, kotero nkhaniyi sidali ya chipembedzo cha mtsogoleri. Idali ya boma lomwe lidaopa dziko lamphamvu kuposa khothi lake lomwe. Chiwawa choopsa koposa chomwe dziko lino lidachionapo pa nkhani ya uchigawenga sichidabwere ndi zigawenga, chidabwera ndi m'mene boma lidaiyendetsera nkhaniyo.

Asilamu a ku Limbe, Mangochi ndi Machinga ndiwo angayambe kuzindikira mlaliki wachilendo akafika ndi chiphunzitso chachilendo, monga momwe mashehe a ku Cabo Delgado adachenjezera boma lawo zaka zingapo nkhondo isanayambe, koma osamvedwa. Adzanena pokhapokha ngati akudziwa kuti wapolisi sabwera kudzagwira mudzi wonse. Boma la Mutharika lili ndi njala, ngongole ndi mafuta pa tebulo, ndipo ndi zoyenera kuti liyambire pamenepo, chifukwa mnyamata wa ntchito m'manja savuta kum'sunga. Koma komiti ya maiko awiriwa yoona zachitetezo iyenera kukumana pafupipafupi ndi anthu omwewo mbali zonse, osati atsopano chaka chilichonse, ndipo nduna yoona zachitetezo cha m'dziko iyenera kufika ku Chiponde ndi ku Makanjira kukamva kwa mafumu ndi mashehe tsopano lino, kusanachitike kanthu.