Injini ya Bwato Siifa Tsiku Limodzi

Pa 1 Disembala boma limatseka usodzi pa mitsinje ndi nyanja zambiri za dziko lino kufikira kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Abale athu ambiri amangotsamiritsa injini ya bwato pakhonde, nadikira Malici. Ife tikuti miyezi itatu imeneyi ndiyo nthawi yoti mwini injini aisamalire ndi manja ake.

Ena amati nchito imeneyi ndi ya makaniko. Zoona, zam'kati mwenimweni mwa injini tiwasiyire odziwa. Koma zimene zimapha injini kawirikawiri ndi zazing'ono, zoti munthu wokhala ndi sipanala ndi maso angazione.

Yambani ndi mafuta. Petulo wokhalitsa amauma m'kabuleta nasiya zomata zimene zimatseka timabowo; cotero mukhetseni musanasunge injini. Injini zambiri zosakaniza petulo ndi oilo zimafuna muyeso wa 50 kwa 1, ndiko kuti theka la lita ya oilo pa malita 25 a petulo, koma tsimikizani m'buku la injini yanu. Wocepetsa oilo kuti asunge ndalama adzagula pisitoni.

Masulani pulagi. Yabwino imaoneka yofiirira pang'ono. Yakuda ndi mwaye kapena yonyowa iyenera kutsukidwa kapena kusinthidwa. Tsitsani oilo wa m'giya: akatuluka woyera ngati mkaka, madzi alowa. Nthawi zambiri wolakwa ndi ulusi wa ukonde umene wakulungika kuseri kwa pulopela nudula mphira wochinga madzi. Cotsani pulopela, muucotse ulusiwo, mupake girisi.

Koposa zonse, penyetsetsani kamadzi kamene kamathovoka kumbuyo injini ikamalira. Kakasiya kutuluka, zimitsani pomwepo, pakuti injini ikupsa. Ndipo musailize konse pamtunda popanda madzi: kampira kopopa madzi kamaonongeka m'kanthawi kocepa.

Tikulimbikira zimenezi cifukwa injini yozima pakati pa Zambezi, pamene pali mvuu ndi ng'ona, imaika pangozi miyoyo, osati ndalama zokha. M'bwatomo mumakwera ana a sukulu, odwala ndi amayi apakati. Cimene Mulungu watiikiza tidzayankha naco mlandu, ndipo mwini bwato waikizidwa anthu. Madzi asanatsegulidwe, gwirani sipanala, mwana wanu ali pambali kuti aphunzire.