Kutsitsa mlingo wa prednisolone m'makomboni a ku Mashonaland

Matenda amene madokotala amawatcha polymyalgia rheumatica ndi mtundu wa nyamakazi umene umagwira anthu opitirira zaka 50, makamaka a zaka za m'ma 70, ndipo amayi amadwala kawiri kapena katatu kuposa abambo. Wodwala amadzuka m'mawa mapewa onse awiri, khosi ndi chiuno zitauma ndiponso zikuphwanya, moti kuvala malaya, kupesa tsitsi kapena kudzuka pamphasa kumasanduka chintchito, ndipo kuumako kumatha mphindi zoposa 45 kusanayambe kumasuka. Dokotala wa ku Scotland, William Bruce, anawafotokoza mu 1888, ndipo dzina limene ali nalo lero analipereka ndi Stuart Barber mu 1957. Amapezeka kwambiri kumpoto kwa Ulaya, monga ku Norway ndi ku Sweden, pamene pakati pa anthu akuda amapezeka mwa apo ndi apo. Komabe mankhwala ake, omwe ndi mapiritsi a prednisolone, ndi ofala m'zipatala ndi m'mafamase a ku Zimbabwe chifukwa amaperekedwanso kwa odwala mphumu, nyamakazi zina ndi matenda ena a pakhungu, ndipo malamulo a katsitsidwe kake amakhudza aliyense amene wawamwa kwa nthawi yaitali.

M'minda ya fodya ya ku Trelawney, Banket, Karoi, Mvurwi, Centenary ndi Marondera, komanso m'minda ya malalanje ya ku Mazowe, mwakalambira machona ambiri amene iwo eni kapena makolo awo anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, ena wapansi, ena kudzera mu bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Minda itayamba kulandidwa ndi kugawidwa m'chaka cha 2000, ambiri a iwo sanalandire malo ndipo analibe mudzi wobwererako, choncho anatsala m'makomboni kumadalira ganyu kwa alimi atsopano. Munthu amene wathyola fodya, kumusankha ndi kusenza mabelo kwa zaka makumi angapo sadabwa mapewa akamaphwanya, ndipo achibale ake amangoti ndi ukalamba. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Vuto limabuka pamene wina wampatsa prednisolone, kaya ndi kuchipatala kaya ndi wogulitsa mankhwala mumsewu, chifukwa mapiritsiwa amaziziritsa ululu wa matenda ambiri obwera ndi kutupa, kotero kuti kupeza bwino kwa wodwala sikusonyeza pakokha kuti matenda ake adziwika.

Palibe kuyeza kumodzi kumene kumatsimikizira polymyalgia rheumatica. Dokotala amayeza magazi m'njira ziwiri zotchedwa ESR ndi CRP, zimene zimasonyeza kuti m'thupi muli kutupa koma sizitchula kumene kwachokera, ndipo zonse ziwiri zimakweranso pa chifuwa chachikulu, pa matenda obwera chifukwa cha HIV, pa khansa ya m'mafuta a m'mafupa ndi pa nyamakazi yotupitsa mfundo za zala. M'dziko limene chifuwa chachikulu nchofala ngati Zimbabwe, ndi nzeru kuyamba kufufuza matenda amenewa mapiritsi asanaperekedwe, pakuti prednisolone imafooketsa chitetezo cha m'thupi ndipo ikhoza kubisa chifuwa chachikulu uku ikuchipatsa mpata wofalikira.

Matenda akadziwika, malangizo amene mabungwe a akatswiri a nyamakazi a ku Ulaya ndi ku America anatulutsa limodzi mu 2015 amati wodwala ayambe ndi mamiligalamu apakati pa 12.5 ndi 25 kamodzi pa tsiku, ndipo ambiri amayambira pa 15. Kusintha kumabwera msanga, kawirikawiri sabata isanathe, mwakuti gogo amene amalephera kukweza mkono amayambanso kusesa pakhomo. Kuchokera apo mlingo umatsitsidwa kufika pa mamiligalamu 10 m'sabata 4 mpaka 8, kenako umachepetsedwa ndi miligalamu imodzi pa sabata 4 zilizonse kufikira utatha. Kungowerengera chabe kukusonyeza kuti ulendowu sungathe msanga, chifukwa kuchoka pa 10 kufika pa ziro kumafuna sabata pafupifupi 40 ngakhale zonse zitayenda bwino, ndipo odwala ambiri amamwa mapiritsiwa kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ena kupitirira apo. Pafupifupi theka la odwala matendawa amawabwerera m'kati mwa kutsitsako, ndipo zikatero dokotala amabwezera wodwalayo pa mlingo umene anali kupeza nawo bwino nkuyambanso kutsitsa pang'onopang'ono. Amene matenda awabwerera kangapo, kapena amene mapiritsi akuwavulaza, amatha kuwonjezeredwa methotrexate, womwedwa kamodzi pa sabata.

Zifukwa zotsitsira mwachifatse ndi ziwiri, ndipo chachiwiri ndicho chimene anthu ambiri sauzidwa. Choyamba nchakuti prednisolone sichiza matendawa, imangopondereza kutupa kufikira matendawo atazilala okha. Chachiwiri chili m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, timene timapanga homoni yotchedwa cortisol, imene imathandiza kuti magazi aziyenda ndi mphamvu yokwanira, shuga wa m'magazi asatsike kwambiri, ndiponso thupi lipirire likakumana ndi malungo, ngozi kapena opaleshoni. Pa tsiku thupi limapanga cortisol wofanana mphamvu ndi mamiligalamu pafupifupi 5 a prednisolone, ndipo munthu akamwa mlingo woposa pamenepa kwa sabata zoposa 3 kapena 4, ubongo umaleka kulamula tiziwaloti kuti tigwire ntchito, ndiye timafota. Kuti tidzukenso pamafunika miyezi. Wodwala amene wasiya mapiritsi mwadzidzidzi amatsala wopanda cortisol wa m'thupi ndiponso wopanda wa m'botolo, ndipo amafooka, amasanza, amachita chizungulire, magazi ake amayenda mofooka, mwinanso amakomoka ndi kumwalira ngati sanabayidwe hydrocortisone msanga. Nchifukwa chake masitepe otsiriza, kuyambira pa mamiligalamu 7 kutsika m'munsi, ndiwo ovuta koposa, ndipo wodwala amene wagwidwa malungo kapena kutsekula m'mimba panthawi imeneyi amafunika kuonana ndi achipatala tsiku lomwelo, popeza mlingo wake ungafunike kukwezedwa kwa masiku ochepa.

Malangizo a 2015 aja amatsatika mosavuta kumene kuli famase yokhala ndi mapiritsi a miligalamu imodzi, basi yodalirika ndi dokotala woona wodwala yemweyo mwezi ndi mwezi. Ku komboni zinthu sizili choncho. Piritsi lopezeka kawirikawiri ndi la mamiligalamu 5, limene likadulidwa pakati limapereka 2.5, kotero kuti kutsika ndi miligalamu imodzi sikutheka mwachindunji. Madokotala amazungulira vutoli posinthanitsa masiku, monga kumwa 10 lero ndi 7.5 mawa kwa sabata zingapo asanakhazikike pa 7.5, koma ndondomeko yotere ndi yosavuta kuisokoneza kwa munthu wachikulire amene maso akuchita chidima, amene sanapite patali ndi sukulu, ndiponso amene wauzidwa zonsezi mofulumira m'Chishona kapena m'Chingerezi pamene chilankhulo chake cha pakhomo ndi Chichewa. Ndondomekoyo iyenera kulembedwa m'kabuku ka kuchipatala, tsiku ndi tsiku ndi chiwerengero cha mapiritsi, ndipo mdzukulu kapena mpongozi amene amakhala ndi gogoyo aifotokozeredwe naye. Choopsa kwambiri ndi botolo kutha. Mtunda wochokera ku famu kufika ku chipatala chachikulu cha ku Chinhoyi, ku Bindura kapena ku Marondera umafuna ndalama ya thiransipoti imene waganyu sakhala nayo mwezi uliwonse, ndipo nyengo ya mvula misewu ya m'mafamu imavuta, choncho amene amadula mankhwala nthawi zambiri ndi umphawi, wodwalayo asanafune nkomwe kusiya. Wachipatala amene akuyambitsa prednisolone kwa munthu wotere asanafunse kuti mapiritsi a mwezi wachitatu adzachokera kuti, wangochita theka la ntchito yake.

Palinso ena amene amalakwitsa mbali inayo. Atazindikira kuti mapiritsi atatu amachotsa ululu, amakana kutsika, kapena amadzikwezera okha mlingo pa nyengo yokolola, ndipo mtengo wake umaoneka pakapita miyezi: nkhope imatupa nkukhala yozungulira, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimakwera, khungu limapyapyala, ng'ala imamera m'maso, ndipo mafupa amafooka mpaka msana kapena chiuno kuthyoka pa kugwa kwakung'ono. Kuphwanya kumene kumabwera masiku oyamba mlingo utangotsitsidwa nthawi zambiri kumazilala pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, pamene kubwerera kwenikweni kwa matenda kumakula tsiku ndi tsiku ndipo kumabweretsanso kuuma kwa m'mawa kuja, ndipo kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya wachipatala. Mafupa amatetezedwa ndi kashiamu, vitamini D ndi mankhwala monga alendronate, ndipo kapenta wa ku Kariba, amene amadyedwa ndi minga yomwe, amathandizako pa kashiamu pamtengo umene banja la pa komboni lingakwanitse. Wodwala amene wayamba mankhwala a chifuwa chachikulu ayenera kunena kuti akumwa prednisolone, chifukwa rifampicin imachititsa chiwindi kuphwanya prednisolone mofulumira, moti mlingo womwewo umachepa mphamvu, pamene ritonavir, wopezeka m'ma ARV ena, amachita zosiyana ndi zimenezi.

Pa odwala polymyalgia rheumatica asanu kapena asanu ndi mmodzi alionse, mmodzi amakhalanso ndi kutupa kwa mitsempha ikuluikulu ya magazi ya m'mutu, kotchedwa giant cell arteritis, ndipo kutupaku kungaonekere panthawi imene mlingo ukutsika. Zizindikiro zake ndi mutu wachilendo wopweteka cha m'litsipa, khungu la pamutu lowawa likakhudzidwa, nsagwada zotopa potafuna nsima, ndi kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mdima wobwera nkuchoka m'diso limodzi. Mtsempha wodyetsa diso ukatsekeka, disolo limachita khungu m'maola ochepa ndipo kawirikawiri silionanso, pamene diso linalo limatha kutsatira m'masiku owerengeka. Apa mamiligalamu 15 sakwanira, pamafunika 40 mpaka 60 pa tsiku, oyambidwa tsiku lomwelo popanda kudikira zotsatira za kuyeza, ndipo wodwalayo amatumizidwa kwa akatswiri, monga a ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe mu Harare, kumene kutsitsa kumayambiranso pamwamba ndipo kumatenga nthawi yaitali kuposa poyamba.