Kuseka M'kalasi Nkwabwino, Koma Tikuseka Yani?

M'gawo lapitalo tidakamba za zolemetsa za ntchito ya uphunzitsi: kuchepa kwa mabuku, kuchuluka kwa ana, ndi milu ya makope imene imatidikira usiku pamene anzathu agona. Lero ndifuna tikambirane za chinthu chimene sichidalembedwe m'silabasi iliyonse, komabe chimene chimatilimbitsa mtima ambirife pa ntchitoyi. Chinthucho ndicho kuseka.

Ndiyambe ndi za ine mwini. Nditangotsiriza maphunziro anga ku Zomba, ndidayamba ntchito pa sekondale ina yoyendera. Ndidali ndi chizolowezi chimene ineyo sindinkachizindikira, pakuti pofotokoza chinthu chilichonse ndinkayamba ndi mau akuti, "Mfundo yake ndi iyi." Tsiku lina kudafika bambo wina wachikulire kudzalipira fizi ya mwana wake. Atavula chipewa pakhomo pa ofesi ya aphunzitsi, adaomba m'manja mwaulemu nati, "Odi kuno! Ndafuna ndionane ndi a Mfundo, aphunzitsi a mwana wanga." Ofesi yonse idafa nalo phwete. Bamboyo sadali kunyoza konse. Kunyumba kwao dzina langa lenileni lidali lisanamvekepo.

Ndidakwiya tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake ndidalowa m'kalasi, ndidaika mabuku pa tebulo, ndipo ndidati, "Khalani pansi, a Mfundo afika." Anawo adayamba ayang'anana mwamantha, kenaka kalasi yonse idaphulika ndi chiseko. Kuyambira tsiku limenelo, ana amene ankakhala chete ngati ali pamaliro adayamba kukweza manja ndi kufunsa mafunso.

Alipo anzanga ena amene amati mphunzitsi woseka ndi ana amataya ulemu wake. Maganizo amenewa sindiwapeputsa, popeza kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu ikasokonekera, kuibweza si ntchito yamasewera. Koma taganizani za sukulu zimene ambirife tidakuliramo. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Ine ndidayamba sukulu m'zaka zotsatira, ndipo tinkaphunzirira pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu lake. Mbuzi zinkadutsa pakati pathu phunziro lili mkati. Mphunzitsi wathu wina ankati akaona mbuzi ikubwera, ankaifunsa ndi nkhope yosaseka chifukwa chake yachedwa ndiponso kumene yasiya yunifomu. Mphunzitsi ameneyo adalibe buku lokwanira mwana aliyense, koma palibe amene ankajomba phunziro lake. Za aphunzitsi aukali ndikumbukira ukali wao. Za iyeyu ndikumbukira zimene adandiphunzitsa.

Komabe kuseka kuli ngati moto: kumaphika ndiponso kumatentha. Apa ndiyenera kuulula cholakwa changa, kuti anzanga asagwe m'dzenje limene ndidagwamo.

Aliyense wodziwa Chichewa adziwa kuti m'chinenero chathu r ndi l sizisiyanitsa tanthauzo la mau. Timangolemba r pambuyo pa i kapena e, ndipo kwinako timalemba l. M'Chingerezi si choncho, pakuti liwu lotanthauza mpunga ndi lotanthauza nsabwe amasiyana pa lembo loyamba lokhalo. Tsiku lina mtsikana wina wa Fomu 1, wanzeru ndi wolimbikira, adaimirira kufotokoza m'Chingerezi zimene adadya pa Khirisimasi. Lilime lidamuterereka, ndipo adatiuza kuti adadya nsabwe ndi nkhuku. Ana adaseka. Ine, m'malo momuthandiza, ndidabwereza mau akewo mokweza, ndi kumufunsa ngati nsabwezo zidali zokazinga kapena zowiritsa. Kalasi idagubuduzika ndi phwete, ndipo ndidadziona ngati munthu wanthabwala kwambiri.

Pofika nthawi yopuma, dzina lake lidali litasanduka Nsabwe. Kuyambira pamenepo mwanayo sadakwezenso dzanja m'phunziro langa. Adasamukira ku mpando wakumbuyo, ndipo ndikamufunsa funso ankangoyang'ana pansi. Tsono kumbukirani kuti munthu salandira satifiketi ya MSCE ngati sadakhoze Chingerezi pakati pa maphunziro asanu ndi limodzi ofunikawo. Ndi nthabwala imodzi ndidatseka pakamwa pa mwana m'phunziro lenilenilo limene tsogolo lake lidatsamirapo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Nanga amene wamuchititsa mwana manyazi kuti asafunse, mlandu wake ndi wotani?

Padapita teremu yathunthu ndisanapeze nzeru. Potsiriza ndidaimirira pamaso pa kalasi yonse ndi kupepesa. Ndidawafotokozeranso kuti ine ndemwe, ndili ku koleji, ndidapunthwapo pa malembo awiri omwewo pamaso pa anzanga ochokera m'zigawo zonse za Malaŵi. Ana adaseka, koma tsopano ankaseka ine. Mtsikanayo adamwetulira pang'ono. Adayambanso kuyankha, ngakhale kuti kulimba mtima kwake koyamba kuja sikudabwerere konse. Anyani sasekana zikundu, ndipo mphunzitsi amene waiwala kuti nayenso adali mwana wosadziwa ndiye nyani woposa onse.

Motero ganizo langa ndi ili. Chiseko cha m'kalasi chizikwera m'mwamba, chisatsike pansi. Mphunzitsi aseke za iye mwini, za choko chimene chamuyeretsa kumsana kwa jekete, za mbuzi, za mvula yosokosera pa malata mpaka mau ake osamveka. Zimenezi zimafupikitsa mtunda umene uli pakati pa tebulo la mphunzitsi ndi mpando wakumbuyo. Koma asaseke lilime la mwana, chigamba cha pa yunifomu yake, mudzi wa kwao, kapena yankho lolakwa limene waliyankha ndi mtima wonse. Mphunzitsi akasekedwa ali ndi malipiro ake ndi ulemu wake zomutchinjiriza. Mwana wa Fomu 1 alibe pobisala.

Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu ndipo mukulingalira za uphunzitsi, ndikuti bwerani, ntchitoyi ili ndi zokoma zake. Dziwani chabe kuti dzina lachipongwe likukudikirani kale, ndipo mudzakhala omalizira kulimva. Likadzakufikani, mudzalilandire ndi manja awiri.

M'gawo lotsatira tidzakamba za makalata opepesera kujomba, ndi za agogo aja amene amamwalira kawiri pa teremu.