Yambani ndi power supply, graphics card idikire

Mng'ono wanga kuno ku Bundabunda anagulitsa chimanga kuti amange kompyuta ya magemu. Mtima wonse unali pa graphics card, ndiye power supply anangotola yotchipa m'tauni ku Lusaka. Usiku wina malaiti anabwera mwamphamvu, motherboard n'kupsa. Thukuta la chaka chonse linathera mu utsi.

Anzanga, chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, tonse tinaona mmene malaiti amazimira. Ngati thumba n'lopepuka, gulani Ryzen 5 5600G, imene imayendetsa magemu ambiri popanda graphics card, RAM ya 16GB ndi SSD. Ndalama zotsala ikani pa power supply yodalirika ndi UPS. Graphics card mudzagula mukakololanso.