Atsuke thanki kaye, bilu pambuyo

Anyamata, magalaji akuluakulu a m'tauniwa asamatipusitse. Pikapu ya dizilo ikazima pa Thabwa ikupita ndi nsomba ku Kasisi, amaikokera ku Blantyre, n'kusintha ma injekita, bilu yake yoliritsa. Pakangopita sabata ziwiri, yazimanso pa mlatho wa Kamuzu. Chifukwa chiyani? Thanki sanatsuke! Dizilo wa m'zigubu amabwera ndi madzi komanso zinyalala, ndiye injekita yatsopano ikamwa zimenezo imafa ngati yakale ija. Ife okonza injini za maboti timayambira kuthanki ndi fyuluta. Iwo amayambira pa kompyuta ndi lisiti. Uku nsomba zikuola, ngongole ikukula. Musanalipire auzeni: tsukani thanki, sinthani fyuluta, zitsulo zakale mutibwezere, galanti mulembe papepala. Akakana, tulutsani galimoto basi. Tumizirani anzanu.