Bokosi Lakale Lisatayidwe

Yense wofika pa msika wa Mitundu adziwa kuti tayala lakutha limasanduka nsapato, ndipo chitsulo chotayidwa chimasanduka mbaula. Nzeru yomweyi igwiranso ntchito pa masewera a pa kanema.

M'chaka cha 1980 kampani ya Namco ya ku Japan inatulutsa masewera otchedwa Pac-Man. Anali m'bokosi lathabwa lalitali ngati kabati, ndipo wofuna kusewera ankayamba waponyamo ndalama yachitsulo. Makina otere ambiri anafa. Koma m'chaka cha 1997 Nicola Salmoria wa ku Italy anatulutsa pulogalamu ya MAME, imene imachititsa kompyuta kugwira ntchito monga makina akale aja. Tsono munthu achotsa zakufa za m'katimo, naikamo kakompyuta ka Raspberry Pi, nalumikiza mabatani ndi kanema. Pamenepo bokosi ladzuka, ndipo silipemphanso ndalama.

Mabokosi otere ndi osowa kwathu kuno, koma kalipentala wa pa Nathenje angathe kukhoma lina. Chenjezo ndi ili: wailesi yakanema yakale, yamimba ija, imasunga magetsi oopsa ngakhale itazimitsidwa. Mwana asaitsegule, muitane mmisiri.

Inu atate ndi amayi, mwana woponya ndalama m'makina a eni ake amabwerera kunyumba chimanjamanja, koma womanga makina ake amatsala ndi luso. Khalani naye pafupi pomangapo, ndipo mupangane nthawi yosewera: ayambe watsiriza za kusukulu ndi ntchito za pakhomo.